Jameson Ankamenya M'chizungu

Mlamu wanga Jameson ankamenya m'Chizungu. Malonda ankachita m'Chinyanja ngati ife tonse, kutchalitchi ankaimba m'Chinyanja, koma mtima ukangomupsa, pakamwa pake pankatuluka Chizungu chokhachokha, dzanja n'kutsatira pambuyo. Ana a m'mudzi mwathu, kufupi ndi Kachulu kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, anafika pozolowera kuti ukamva Chizungu kunyumba kwa Agnesi ndiye kuti wina alira posachedwa. Ine ndine Fanuelo, mlongo wake wa Agnesiyo, malume wa ana ake. Munthuyu ndinakhala naye bwalo limodzi zaka zambiri, ndipo ndinene mosapsatira kuti sindinkamukonda.

Anabadwira kutsidya kwa nyanja, m'dziko la Apwitikizi, ndipo malire anawoloka ali kumsana kwa mayi ake, a Mary, amene ankathawa nkhanza za kumeneko. Anakulira pa esiteti ina ya fodya kumene mayiwo ankagwira thangata, ntchito yolipirira malo okhala. Chilankhulo chimene anayamwira kubere chinali Chilomwe. Atasinkhuka anapeza ntchito yotsuka mbale kwa mzungu wina ku Zomba, ndipo Chizungu chake anachitolera kukhitchini komweko. Tsono mzungu sacheza ndi wotsuka mbale. Amangomutuma, kumukalipira, mwina n'kumugenda ndi nsapato. Ndiye Chizungu cha Jameson chinali cholamula ndi chotukwana, za malonje anachita kuwonjezera pambuyo. Dzina loti Jameson anadzipatsa yekha. Limene anabadwa nalo sanatiuzepo, ngakhale mkazi wake yemwe.

Kutsogolo kwa kamwa analibe dzino limodzi, ndipo nkhani ya dzinolo anandiuza ndi Agnesi. Tsiku lina la msika pa Songani, Jameson ali mnyamata, anaima ndi anzake ogwira ntchito m'nyumba za azungu, onse atatchena zoyera. Mayi ake anamuonera patali, dengu la chinangwa lili pamutu, n'kuyamba kumufuulira m'Chilomwe ndi chimwemwe chonse cha kholo limene laona mwana wake atanenepa. Anzake aja anayang'anizana.

"Kani iwe ndiwe Mnguru?" mmodzi anatero. "Amayi akowo akubweretsera njoka ya ndiwo?"

Dzina limenelo linali chitonzo, ndipo aliyense wolitchula ankadziwa zimenezo. Jameson anamulumphira mnzakeyo, enawo n'kumuunjikira, mpaka anamusiya m'fumbi malaya oyera aja atafiira. Mayi ake atathamangira kuti amudzutse, iye anawakankha. Kuyambira tsiku limenelo analumbira kuti mwana wake aliyense sadzatchedwa dzina limene lija, ndipo sadzadziwa ngakhale liwu limodzi la chilankhulo chomwe chinamugulula dzino.

Anabwera kwathu kudzakhala chikamwini m'zaka za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, tinamupatsa munda ndi chigawo cha dambo la mpunga. Za kwawo ankazemba, koma lilime silibisa kumene munthu anachokera. Tinkadziwa, ndipo ife zinalibe nafe kanthu, poti Alomwe anali mbwee kuzungulira nyanja yonseyi, ena tinkapha nawo matemba bwato limodzi.

A Mary anatulukira chaka cha njala yaikulu ija, cha 1949, ali mafupa okhaokha, kamtolo kali kukhwapa. Mwambo wathu sulola kuti kholo litsatire mwana wamwamuna kuchikamwini, koma njala siyang'ana mwambo. Tinawamangira kanyumba kuseri kwa nkhokwe. Asanapume n'komwe, mwana wawo anaima pabwalo n'kuika lamulo, tonse tikumva: Chilomwe pano ayi. Gogoyo Chinyanja ankachidziwa chongopemphera mchere ndi moto. Akalankhula kwa mwana wawo m'chilankhulo chawo, iye ankayankha m'Chinyanja, nkhope itayang'ana kumbali, ngati amene akumufunsa njira ndi mlendo. Musaganize kuti anali gogo wofatsa. Anali aukali, ouma manja, fodya wamphuno osachoka m'mphuno, ndipo nkhuku ikalowa m'nyumba mwawo inkatuluka yotsimphina. Koma kukhala pakati pa adzukulu ako osatha kuwauza kanthu ndi chilango chomwe sindingafunire ngakhale mdani wanga.

Njala itatha, boma linalimbikitsa malamulo a malimidwe. Chimanga tisadzalenso pa matutu monga ankachitira makolo athu, koma pa mizere, ndipo m'minda tikumbe milambala yotchinga madzi. Wokana ankamuzulira mbewu, mwina n'kukagona kundende. Pankafunika akapitawo oyendera minda, odziwa kuyankha bwana wachizungu akafunsa, ndipo Jameson anaipeza ntchitoyo mosavuta. Anamupatsa kabudula wa khaki ndi chipewa, njinga anagula yekha, chikoti cha chikopa cha mvuu anakachipeza kwa alenje a pachilumba cha Chisi.

Ndinamuonapo ndi maso angawa m'munda mwa mayi wina wamasiye, dzina lake Ruth, amene anadzala pa matutu chifukwa analibe womuthandiza kuunga mizere. Chimanga chinali chitafika m'chiuno. Jameson anatsamiritsa njinga pamtengo n'kuyamba kuzula phesi limodzilimodzi, uku akukalipa m'Chizungu chomwe mayiyo sankamva. Ruth anagwada n'kumugwira mwendo.

"Bambo, ndichitireni chisoni, ana anga adzadya chiyani? Chaka chamawa ndidzaunga mizere yanuyo!"

Anamuponda pachifuwa ndi nsapato, mayiyo n'kugwa chagada pa thutu lake lomwe. Ine ndinali patsidya pa ngalande, khasu lili m'manja, ndipo ndinachita kudziluma mlomo pokumbukira kuti wakhakiyo ndi mwamuna wa mlongo wanga. Madzulo ake tinamutumizira Ruth dengu la mpunga.

Kunyumba nako kunali malimidwe akeake. M'mawa uliwonse ana ankandanda pakhonde, wamkulu Alice kutsogolo, ang'ono ake pambuyo, mapazi pamodzi, manja m'mbali ngati asilikali, n'kunena onse pamodzi kuti, "Gudu moningi, Fada." Ndi mayi awo ankaloledwa kulankhula Chinyanja, poti Agnesi sakanamva china. Koma kwa bambo awo, Chizungu basi. Mwana akafuna kanthu koma osadziwa mawu ake, ankangokhala chete n'kukasowa kanthuko. Akaphonya, chikoti chinkatsika pamsomali. Ana ang'onowo anaphunzira kungomuzemba bamboyo, koma Alice anali ndi mutu wakuthwa, ndipo anayamba kumuyankha bwino asanayambe ndi sukulu yomwe.

Mutu wakuthwa womwewo ndi umene unamuika m'mavuto. Mpunga ukayamba kucha, pamafunika munthu wokhala kudambo tsiku lonse kuthamangitsa mbalame, ndipo ntchito imeneyo imagwera okalamba ndi ana. Ndiye a Mary ndi Alice ankapita limodzi. Kudambo n'kutali ndi khonde la Jameson. Kumeneko gogo uja anamasula lilime. Sankamuuza nthano kapena malangizo ayi. Ankatukwana mbalame, kujeda akazi a m'mudzi mmodzimmodzi, kutsanzira kayendedwe ka mwana wawo akavala khaki, zonsezo m'Chilomwe. Chigawo changa chinali choyandikana nacho, ndipo ndinkawamva akuseka mpaka kutsokomola. Pofika nyengo yachiwiri ya mpunga, Alice ankayankha, kutsutsa, ngakhale kuimba nawo. Ndinauza Agnesi kuti atseke pakamwa, nanenso ndinatseka panga. Aka kanali koyamba kuona gogoyo akuoneka ngati munthu wokhala pakati pa abale ake.

Zinaululika Lamlungu lina masana, titabwera kuchokera kutchalitchi. A Mary ankadya pakhomo pa kanyumba kawo, ndipo munga wa nsomba unawaima pakhosi. Anayamba kutsamwa, maso ali tong'o, n'kufuula mawu ena m'Chilomwe. Palibe anamva kupatula Alice ndi bambo ake. Mwanayo anadzambatuka, anawayankha m'chilankhulo chomwecho mokweza, n'kuthamanga ndi chikho cha madzi ndi mbamu ya nsima yoti amezere. Anawasisita pamsana uku akuwalankhula, mawu akungotuluka okha ngati wobadwira kutsidya.

Jameson anali pakhonde, akupukuta sipoko za njinga. Anadikira mpaka mayi ake atameza n'kupuma bwino. Kenako anapinda kansanza kake, n'kumuitana mwanayo m'Chizungu.

Izi anandiuza Agnesi pambuyo pake, ine ndinangomva kulira ndili kwanga. Pamene ndinkafika n'kuti Alice ali pansi, chikoti chikumutsikira pamsana, m'miyendo, paliponse pamene chagwera, bambo ake akufuula mawu amodzimodzi, "Sipiki Ingilishi! Sipiki Ingilishi!" Mwanayo anayesa kudzuka kuti apepese, koma mwa mantha pakamwa panatulukanso Chilomwe. Apo Jameson anataya chikoti, anamugwira tsitsi n'kumuwomba khofi pakhutu lakumanzere ndi chikhatho chonse. Linamveka ngati nsungwi yaphulika pamoto. Kenako magazi anayamba kuyenderera kuchokera m'khutu kutsikira m'khosi.

Jameson anatolanso chikoti. A Mary anadziponya pamwamba pa mdzukulu wawo, ndipo chikoti chija chinatera pamsana pa mayi amene anamubereka n'kumuwolotsa malire. Nsalu inang'ambika, mzere wofiira n'kuonekera. Akazi amene anali atasonkhana anakuwa, ena anaphimba kumaso, poti zoterezi ndi malodza.

Pakhoma panali nsungwi yokankhira bwato. Ndinaitola n'kumukwapula nayo Jameson m'nthiti, iye n'kundilumphira, tinagubuduzana mpaka m'khola la nkhuku. Anandiluma paphewa, ine ndinamufinya pakhosi mpaka maso anatuzuka. Anatilekanitsa ndi amuna a nyumba zoyandikana, wina atandikoka miyendo.

"Alamu, mwaiwala kuti pano mpa eni?" ndinatero ndikupuma mwabefu. "Ana awa ndi mbumba yanga! Inu ndinu tambala wobwereka, mkamwini sakula mwendo. Lero lomwe mumange katundu wanu!"

Analavula magazi n'kundiyankha m'Chinyanja, mwina kuti ndimve bwino.

"Mbumba yanuyo mudzaidyetsa chiyani, a Fanuelo? Matemba? Pitani ku Zomba mukaone. Kukhoti Chizungu, kuchipatala Chizungu, kupositi Chizungu. Wosachidziwa amaima panja ngati galu, chipewa chili m'manja. Mwana wolankhula Chinguru adzamulemba ntchito ndani? Inu simunasekedwepo pamsika. Ine ndikumuchotsa minga mwanayu, inu mukuti ndikumupha."

Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'choti za kukhoti ndi kuchipatalazo sankanama. Ndinali nditaimapo panja pa maofesi amenewo, kudikira kamnyamata ka sitandade sikisi kuti kandilankhulire. Koma minga sachotsa ndi nkhwangwa.

Ankhoswe anakhala pansi, nkhani inakambidwa, ine ndinaumirira kuti achoke. Agnesi ndiye anakana. Anati sukulu ya ana ikudalira khaki yemweyo, ndipo mwamuna akachoka ndiye kuti gogonso achoka, akafera panjira. Jameson anapepesa ndi nkhuku, nkhani n'kutha. Khutu la Alice silinathe. Linatuluka mafinya mwezi wathunthu, litauma linali litagontha. Kuyambira pamenepo, ukamulankhula ankapendeketsa mutu kuti akupatse lakumanja.

A Mary sanalankhulenso. Sindikunena Chilomwe chokha, ngakhale kaChinyanja kawo kopemphera mchere anakasiya, ankangoloza ndi chala. Alice akawayandikira ankamuthamangitsa ndi ndodo, nkhope ili gwaa, kuopa kuti mwanayo angaphedwe chifukwa cha iwo. Ndinamuonapo Alice ataima kuseri kwa nkhokwe, akuyang'ana chitseko cha agogo ake, misozi ili chuchuchu, osayerekeza kugogoda. Kudambo anayamba kupita ndi ang'ono ake, ndipo mbalame ankaziingitsa pomenya chitini.

Gogoyo anamwalira mvula yotsatira. Pamaliro panabwera Alomwe a ku Kachulu, motsogozedwa ndi mkulu wina wowamba milamba, a Gerishomo, kuti amuimbire mnzawo nyimbo za kwawo. Atangoyamba, Jameson anatuluka m'siwa n'kuwathamangitsa pamaso pa anthu onse, chikoti chili m'manja. A Gerishomo anatola chipewa chawo n'kunena mawu ochepa m'Chilomwe, ndipo ndinamuyang'ana mlamu wanga kumaso. Anamva zonse.

Alice anakhoza bwino kusukulu, mwakuti amishoni anamutenga kukaphunzira kusukulu ya atsikana yogonera komweko. Akabwera patchuthi, Chizungu chake chinali choposa cha bambo ake kutalitali, chosalala, chopanda zotukwana. Jameson ankanyada koopsa. Alendo akabwera ankamuimiritsa pakhonde kuti awawerengere nyuzipepala, alendowo n'kumangogwedeza mitu osamva kanthu. Mtsikanayo ankawerenga, akamaliza n'kupinda nyuzipepala, n'kukakhala kukhitchini ndi mayi ake. Sindinamuonepo akuseka pamaso pa bambo ake.

Kenako chinafika chaka cha 1959. Dziko linatentha, anthu anakana chitaganya chimene chinatiphatikiza ndi maiko a Rodeshiya, misewu inatsekedwa ndi mitengo, asilikali anadzaza Zomba. Kumidzi kuno mkwiyo wonse unagwera pa malimidwe. Anthu ankapita m'minda m'magulu kukagumula milambala masana dzuwa likuswa mtengo, akuimba. Akapitawo anzeru anavula khaki n'kukabisala kwa abale awo. Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinaimba mokweza, Jameson yekha ndiye sanamve. Agnesi anamugwira njinga m'mawa umenewo.

"Bambo a Alice, khalani pansi lero. Anthu akwiya, mukafa ulele."

Anamuchotsa dzanja pahandulo n'kupalasa kulowera cha kwa Kuntumanji.

Amene analipo amati anapeza khamu likusalaza milambala m'munda wina waukulu. Munthu wina aliyense akanatembenuza njinga. Iye anatsika, anaiimika bwinobwino, anasolola chikoti n'kuyamba kuwalamula m'Chizungu kuti asiye. Nyimbo inaduka. Wina anati, "Tamumvani mzungu wakuda." Jameson anamukwapula ameneyo kumaso, ndipo kukwapula kwake komaliza kunali komweko. Anamugwetsa, anamulanda chikoti n'kumamupatsirana, aliyense amene anazuliridwapo chimanga anafuna gawo lake. Amati ankafuulabe m'Chizungu ali pansi, mpaka wina anamutsitsira mpini wa khasu kumutu, chakumanzere, pamwamba pa khutu. Njinga anaipindapinda n'kuiponya m'ngalande. Wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu, akuluakulu anatero, ndipo sanaphonye patali.

Uthenga utatipeza tinathamanga ndi chitseko n'kukamunyamulirapo. Nkhope sinkadziwika, tsitsi linali litaundana ndi magazi ndi dothi, khaki atang'ambika mpaka kumsana. Ndinkadana naye munthuyu, koma pomunyamula ndinalira. Tinamufikitsa kumsewu, lole ya nsomba n'kumutengera kuchipatala ku Zomba.

Anabwerako mpunga utayamba kucha. Mkono wakumanja unali lende, mwendo ankachita kukoka, kamwa litapotokera mbali imodzi. Masiku oyamba sankatulutsa mawu, ankangoyang'ana. Tsiku lina m'mawa Agnesi anabwera kwanga akuthamanga.

"Achimwene, bwerani! Ayamba kulankhula, koma akungobwebweta, mutu wasokonekera!"

Ndinapita. Jameson anali pamphasa pakhonde, akulankhula mwaphuma, malovu akutsika. Ndinamvetsera pang'ono. Sikunali kubwebweta. Kamvekedwe kameneka ndinkakadziwa, ndinkakamva kudambo mbalame zikamatukwanidwa. Mpini uja unali utachotsa Chizungu chonse, n'kuchotsanso Chinyanja, kusiya chokhacho chimene anayamwira. Tikamulankhula ankatiyang'ana pakamwa ngati mmene a Mary ankatiyang'anira.

M'nyumba monse munalibe womumva. Akafuna kanthu ankanena, kubwereza, kukuwa, ife n'kumamubweretsera madzi pamene akufuna kutembenuzidwa, phala pamene akufuna kupita kuseri. Akatopa ankagenda chikho ndi dzanja lamanzere, tsiku lina mpaka anamutema Agnesi pachipumi ndi mbale. Ana ang'ono ankamuthawa monga kale, kungoti tsopano ankathawa chilankhulo chimene iye yemwe anawaletsa. Nthawi zina ankangodzimenya pachifuwa, n'kumalira ngati mwana.

Ndinapita ku Kachulu kukawapempha a Gerishomo. Ndinawapeza akutembenuza milamba pautsi, ndipo sanandiyang'ane n'komwe.

"Amene uja anatithamangitsa pamaliro a mayi ake? Akaitane mzungu wake adzamumasulire."

Ndinakhala pansi pomwepo osachoka, utsi ukundilowa m'maso, mpaka mkuluyo anapukuta manja n'kutola chipewa. Atafika anakhala pampando, osapereka moni, n'kumufunsa wodwalayo m'Chilomwe chimene akufuna. Jameson atangomva mawu oyamba a Chilomwe anawagwira mwendo ndi dzanja lake labwino lija n'kuyamba kukhuthula mawu, osapumira. A Gerishomo anamvetsera nthawi yaitali, nkhope yawo ikufewa pang'onopang'ono ngakhale sankafuna.

"Akufunsa kuti mayi ake ali kuti," anatero. "Ndawauza kuti anagona kalekale. Akuti akudziwa, amangofuna wina awauze m'chilankhulo chomveka." Anamvetseranso. "Tsopano akuti muitane mwana wawo wamkazi, wamkuluyo. Akuti ameneyo amamva. Akuti akabwera ameneyo savutikanso, adzakhala ndi wocheza naye."

Agnesi anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. A Gerishomo anaimirira.

"Ine ndabwera lero lokha. Ndili ndi nsomba pamoto, sindingakhale womasulira wa m'nyumba za eni. Ngati mwanayo alipo, muitaneni."

Tinatumiza mawu kusukulu, ndipo Alice anabwera Loweruka lotsatira. Ndinakamuchingamira kumsewu. Anali atakula, namwali wamtali, diresi ya sukulu yosita bwino, kasutikesi m'manja. Tikuyenda ndinamufotokozera zonse, ndikuyenda mbali ya khutu lake labwino.

"Ukukumbukirabe, mwana wa mlongo wanga? Zija unkalankhula ndi agogo ako kudambo?"



"Amalume, ndakhala ndikuyesa chilandirireni uthenga. Ndikati ndikumbukire, khutu ili limayamba kulira, mutu n'kuzungulira. Ndimaona pakamwa pa anganga pakuyenda, koma mawu samveka." Anasintha dzanja lonyamulira sutikesi. "Mwina ndikawamva iwowo akulankhula zibwerera. Ndiyesa, amalume. Ndi bambo anga."

Tinafika dzuwa lisanakwere kwambiri. Jameson anali pamalo pake pakhonde, atatsamira khoma, pansi pa msomali umene ankakolekapo chikoti. Atamuona mwana wake nkhope yonse inawala, ngakhale mbali yakufa ija inayesa kumwetulira. Sindinamuonepo akumuyang'ana mwana aliyense motero. Anatambasula dzanja lamanzere n'kuyamba kulankhula, mofatsa tsopano, mawu ataliatali, akuloza kudambo, akudziloza pachifuwa, akuloza khutu la mtsikanayo. Misozi inkatsikira m'kamwa mopotoka muja. Sindinkamva liwu ndi limodzi lomwe, koma munthu akamapepesa sufunika womasulira.

Alice anaika sutikesi pansi n'kuyandikira. Anapendeketsa mutu, kumupatsa khutu lakumanja. Ndinaona milomo yake ikugwedera, ikufunafuna, thukuta likutuluka pamphuno. Agnesi anali atagwira chitseko, ana ang'ono akusuzumira kuseri kwake, tonse tikudikira liwu limodzi lokha. Jameson anasiya kulankhula n'kudikira nayenso, dzanja lili m'malere.

Liwulo silinabwere. Mtsikanayo anali ataima pakhonde lomwe lija, pamaso pa munthu yemwe uja, ndipo thupi lake linachita zimene linaphunzitsidwa kuyambira ali wakhanda. Mapazi anagundana okha, manja anatsikira m'mbali, msana unawongoka. Moyo wake wonse anali asanalankhulepo ndi bambo ake mwanjira ina.

"Gudu moningi, Fada," anatero.

Jameson anadzidzimuka ngati wamenyedwa. Dzanja limene anatambasula lija analibweza msangamsanga n'kudziphimba nalo kumutu, anadzipinda kukhoma, maondo kuchifuwa, n'kuyamba kukuwa akuitana mayi ake. Tanthauzo la mawuwo linali litachoka ndi mpini uja. Chimene chinatsala m'mutu mwake n'choti kamvekedwe kameneko kakamveka, nsapato kapena chikoti chili m'njira.

Alice anagwada n'kuyesa kumuchotsa mkono kumutuko, koma bambo akewo anaumitsa. Anayesa Chinyanja, sizinathandize. Anakhala chogwada pomwepo mpaka dzuwa linafika pamutu, atagwira chigongono cha bambo ake, alibe mawu owauzira kuti ndi mwana wawo ndipo sanabwere kudzawamenya.